Mmene ndinagwirira Dativ ya Chijeremani ndi aperekezi ake

Dativ, imodzi mwa njira zimene mawu a Chijeremani amasinthira malinga ndi ntchito ya dzina m'chiganizo, ndinakumana nayo mwezi wachitatu wa maphunziro a madzulo ku Volkshochschule, sukulu ya akuluakulu imene imapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse ya ku Germany. Pa nthawiyo Nominativ (ya amene akuchita) ndi Akkusativ (ya chinthu chimene chikuchitidwa) ndinali nditazizolowera. Izi sizivuta kwenikweni, chifukwa amene amasintha ndi mayina achimuna okha, der n'kukhala den. Koma tsiku limenelo aphunzitsi analemba pabolodi kuti mu Dativ timawu totsogolera dzina timasintha: der wachimuna akhala dem, das wa mayina osakhala achimuna kapena achikazi akhalanso dem, die wachikazi akhala der, ndipo die wa zinthu zambiri akhala den. Mutu unaima. Der yemwe ndinamudziwa ngati wachimuna anali atasanduka wachikazi, moti mit der Frau kwa ine zinkamveka ngati munthu walakwitsa.

Sabata ziwiri ndinkaloweza tebulo lija usiku uliwonse. Papepala ndinkakhoza, koma ndikangotsegula pakamwa zonse zinkabalalika. Chimene chinandithandiza chinachokera ku Chichewa chomwe chino. Ife tikati "mayi akuphika nsima" nkhani yatha, koma tikati "mayi akuphikira mwana nsima" tawonjeza munthu wina, wolandira. Ntchito imene -ira ndi -era amagwira pa mneni wathu, Ajeremani amaigwira pa kamawu kotsogolera dzina. Die Mutter kocht dem Kind Brei. Mwanayo ndiye ali mu Dativ, phalalo lili mu Akkusativ. Kuyambira pamenepo ndikaona chiganizo ndinkayamba kufunsa kuti akupatsa yani, akulembera yani, akugulira yani. M'Chijeremani funso limeneli ndi wem. Yankho lake ndi Dativ basi.

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa ulalo umenewu sufika tsidya nthawi zonse. Pali aneni ena amene amangofuna Dativ ngakhale kuti kwathu sitimva kuchitirana kulikonse: helfen (kuthandiza), danken (kuthokoza), antworten (kuyankha), gehören (kukhala chake cha munthu), gefallen (kusangalatsa), gratulieren (kuyamikira). Tsiku lina mayi wina wokalamba wa m'nyumba yoyandikana nafe ankavutika ndi zikwama pamasitepe, ine ndinati "Kann ich Sie helfen?" Anandipatsa chikwama chimodzi, tinakwera, ndipo titafika pakhomo anandigwira dzanja n'kunena mofatsa kuti "Ihnen. Kann ich Ihnen helfen." Sindinaiwalenso. Ihnen ndi Dativ wa Sie, mawu aulemu ngati mmene ife timanenera "inu" kwa munthu wamkulu. Enawo ndi mir, dir, ihm, ihr, uns, euch ndi ihnen. Ndinazindikira kuti ndakhala ndikuwagwiritsa ntchito kuyambira tsiku loyamba osadziwa, popereka moni: Wie geht es Ihnen? Mir geht es gut.

Kenako panabwera aperekezi amene amayenda ndi Dativ nthawi zonse: aus, außer, bei, mit, nach, seit, von, zu ndi gegenüber. Aphunzitsi anatiimbitsa ngati kanyimbo, ndipo mndandandawo unalowadi m'mutu. Koma kudziwa mndandanda n'kwina, kusankha woyenera n'kwina. Kwa Mchewa vuto lili poti "ku" ndi "kwa" amanyamula katundu wambiri. Timati ndikupita ku Berlin, ndili kwa dokotala, ndikuchokera kwa dokotala, ndikupita kwa dokotala, kamawu komweko, mneni ndiye amafotokoza. Chijeremani chimagawa. Ich gehe zum Arzt, ich bin beim Arzt, ich komme vom Arzt. Zum ndi zu dem, beim ndi bei dem, vom ndi von dem, ndipo zu der amafupika n'kukhala zur, monga zur Arbeit. Ndinasiya kuloweza timawu patokha, ndinayamba kuloweza ulendo wonse: kupita, kukhala, kubwerako. Ndinkachita izi ndili m'basi, malo aliwonse amene ndadutsa ndinkawayendetsa katatu konseko chamumtima.

Nach ndi wa mizinda ndi mayiko opanda kamawu kotsogolera: nach Berlin, nach Malawi. Aus ndi wa kumene munthu amachokera, ich komme aus Malawi, komanso wotuluka m'kati mwa chinthu. Nach Hause ndi kupita kunyumba, zu Hause ndi kukhala panyumba, ziwirizi ingozilowezani momwemo. Seit anandichedwetsa pang'ono chifukwa amafuna mneni wa nthawi ino: ich wohne seit einem Jahr hier, ngakhale kuti chakacho chinayamba kale. Ndipo musaiwale ka -n kamene dzina la zinthu zambiri limatenga kumapeto. Die Kinder amakhala mit den Kindern. Mayina amene amathera kale ndi -n kapena -s sawonjezera kanthu, mit den Autos. Ka -n kameneka kanandidyera malikisi ambiri pa zolemba, ndipo ndimaona kuti ndi kamene ophunzira amakanyozera kwambiri.

Chovuta chenicheni chinali aperekezi 9 amene amapita uku ndi uku: an, auf, hinter, in, neben, über, unter, vor, zwischen. Amenewa amatenga Dativ funso likakhala wo, kutanthauza kuti chinthu chili pati, ndipo amatenga Akkusativ likakhala wohin, chikupita kuti. Ife timati ndili m'khitchini, ndikulowa m'khitchini, "mu" sasintha. Iwo amati ich bin in der Küche, koma ich gehe in die Küche.

Poyamba ndinamva ngati lamulo n'lakuti pakakhala kuyenda ndiye Akkusativ. Si choncho. Ich laufe im Park ndi Dativ (im ndi in dem), ngakhale munthuyo akuthamanga mpaka thukuta, chifukwa ali m'paki momwemo. Ich laufe in den Park ndi amene anali kunja ndipo akulowa. Nkhani yagona pa kudutsa malire. Kuti izi zikhazikike ndinatenga kapu yanga ya tiyi, ya buluu yobenthuka pakamwa, n'kuiyendetsa m'chipinda Lamlungu lonse masana. Poiika pathebulo ndinkanena mokweza, ich stelle die Tasse auf den Tisch. Ndikachotsa dzanja, die Tasse steht auf dem Tisch. Ndinaiika pansi pa mpando, kumbuyo kwa chitseko, pakati pa mabuku, ndipo paliponse ndinkanena ziganizo ziwiri, china dzanja lili pakapu, china nditasiya. Aneniwo amabwera awiriawiri, stellen ndi stehen, legen ndi liegen, setzen ndi sitzen. Woyamba ndi wa dzanja limene likuika, wachiwiri ndi wa chinthu chimene chakhala kale. Ndimakhulupirira kuti masana amodzi aja anandiphunzitsa zoposa mapepala onse a mafunso amene ndinadzaza.

Pa za nthawi zinthu zimapepuka. An, in ndi vor akamanena za nthawi amangotenga Dativ: am Montag, im Januar, vor einer Woche.

Pamene ndinkalemba mayeso a Chijeremani a mlingo wa pakati wotchedwa B1, gawo lina linali lolemba kalata kwa mnzanga. Ndinasiya mphindi zisanu zomaliza kuti ndiwerengenso, ndikuyang'ana mperekezi aliyense ndi dzina lomutsatira. Ndinapeza kuti ndalemba mit meine Freunde. Ndinafufuta, n'kulemba mit meinen Freunden, ma -n onse awiri ali m'malo mwake, woyang'anira mayeso asanatenge mapepala.