Nsungwi ya mamita 6 ndi mfumu ya ku Macedonia

Lamulungu, usiku.

Lero kutchalitchi abusa analalikira za ulendo wa Paulo wa ku Filipi, ndipo pobwerera kunyumba mwana wa mlongo wanga, yemwe ali mu Fomu 2, anandifunsa kuti, "Amalume, kodi mzindawo anautcha dzina la Filipo, wophunzira wa Yesu uja?" Ndinamuuza kuti mwini dzinalo ndi Philip wachiwiri, mfumu ya Macedonia, yemwe anatenga mzindawo m'chaka cha 356 Khristu asanabadwe pofuna golide wa m'phiri la Pangaion, ndipo m'chaka chomwecho ku Pella kunabadwa mwana wake, Alexander. Mnyamatayo anati za Alexander anazimvapo, koma za bambo ake sanazimvepo n'kamodzi komwe, ndipo zimenezi zinandidandaulitsa.

Titatha kudya nsima ndinayamba kumufotokozera. Pamene Philip ankatenga ufumu mu 359, dziko linali litagwada, popeza mkulu wake Perdiccas anali atangophedwa pankhondo yolimbana ndi anthu a ku Illyria, ndipo Agiriki a kumwera ankawaona anthu a ku Macedonia ngati osachangamuka. Koma Philip, yemwe ali mnyamata anasungidwapo ngati chikole ku Thebes, mzinda wa Agiriki, n'kuonera mmene asilikali akumeneko ankamenyera nkhondo, anapatsa anthu ake mkondo wautali wotchedwa sarissa.

Pofuna kuti mwanayo aone yekha, tinasolola nsungwi ziwiri kuseri kwa khitchini n'kuzilumikiza ndi luzi mpaka zinafika mamita pafupifupi 6. Atayesa kuinyamula ndi dzanja limodzi inamugonjetsa, ndipo ataigwira ndi manja awiri n'kufuna kutembenuka, nsonga yake inakola chingwe choyanikira zovala, moti chitenje cha amayi ake chinagwera m'fumbi. Pamenepo anamvetsa kuti mkondo wotere ndi wachabe m'manja mwa munthu mmodzi, koma ndi woopsa anthu mazanamazana akaima m'mizere mothithikana, nsonga za mizere isanu yoyambirira zitatulukira kutsogolo ngati minga ya nungu. Kuyenda pamodzi motero kumafuna kuphunzira kosalekeza, ndipo apa ndi pamene golide uja anagwira ntchito, chifukwa Philip ankatha kulipira asilikali okhazikika m'malo modalira alimi amene mtima wawo umathamangira kumunda nthawi yokolola ikafika. Mu 338 anagonjetsa Athens ndi Thebes ku Chaeronea, Alexander wa zaka 18 akumenya nawo nkhondoyo.

Philip anaphedwa ndi msilikali womulondera mu 336 ku Aigai, pa ukwati wa mwana wake wamkazi, atayamba kale kukonza zokathira nkhondo ufumu wa Persia. Sindikunyoza Alexander ayi, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: anawolokera ku Asia mu 334, anagonjetsa Darius, mfumu ya Persia, ku Issus ndi ku Gaugamela, ndipo mzinda wa pachilumba wa Tyre anaufikira pokwirira nyanja ndi miyala atauzinga miyezi 7. Komabe gulu lankhondolo, ngakhalenso akuluakulu ake monga Parmenion, anali chuma chamasiye. Atafika ku India pa mtsinje wa Hyphasis mu 326, asilikali otopa anakana kupitirira, ndipo mu 323 iye anamwalira ku Babylon ali ndi zaka 32, akazembe ake n'kugawana dzikolo.

Dzuwa litapendeka mnyamatayo anafunsa ngati pali chimene chinatsalako. Ndinamukumbutsa kuti Paulo analembera Afilipi kalata m'Chigiriki, chilankhulo chimene nkhondo zimenezi zinafalitsa mpaka ku Egypt ndi kupitirira. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati angasunge nsungwiyo kuti akaonetse anzake mawa, koma amayi ake, omwe anali akuchapanso chitenje chija, analamula kuti aimasule nthawi yomweyo.