Mmene ndinamangira KiCad pa laputopu yanga ku Ndirande

Ntchito yanga ndi yokonza mainveta, machaja a sola ndi maamplifaya, pa kashopu kanga chakumunsi kwa msika wa Ndirande. Tsiku lina msuweni wanga amene ali pa ntchito ku Johannesburg ananditumizira fayilo ya bolodi ya charge controller (kachipangizo koongolera magetsi a sola polowa mu batire) imene anajambula yekha, kuti ndiione asanaipereke kwa opanga mabolodi. Pa WhatsApp anangoti, "Achimwene, inu zopsa mumaziona tsiku ndi tsiku, tandionerani pamene pangapse." Nditati ndiitsegule, KiCad yanga, pulogalamu yojambulira mabolodi a zamagetsi, inakana. Iye anajambula ndi KiCad 8, pomwe Linux ya Ubuntu 24.04 imene ili pa laputopu yanga imabwera ndi 7.0.11. KiCad yatsopano imawerenga mafayilo a yakale, koma yakale siwerenga a yatsopano.

Ndisabise, njira yachidule ilipo. Pali PPA ya eni ake a KiCad, palinso Flatpak, zonsezi njira zotengera pulogalamu yomangidwa kale, ndipo amene ali pa changu adutse kumeneko. Ineyo ndinali ndi liuma la munthu amene wakhala zaka zambiri akumasula zinthu za anthu kuti aone mkati. Pulogalamuyi anaiyamba Jean-Pierre Charras ku Grenoble m'dziko la France mu 1992, akatswiri a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, anayamba kuikapo manja mu 2013, ndipo source code yake yonse, malemba amene amamangira pulogalamuyo, ili poyera pa webusaiti ya GitLab, aliyense akhoza kutenga. Chinthu choti achisiya chosakhoma chonchi, ine n'kungochiona kunja kokha? Ndinati ayi, ndimanga ndekha.

Choyamba chinali kutenga code. Apa samalani ndi data, chifukwa `git clone` wamba, lamulo lokokera code, amakoka mbiri yonse ya zaka zambirimbiri, zinthu zoti simudzaziwerenga. Ine ndinadikira bandulo ya usiku n'kulemba `git clone --depth 1 --branch 8.0 https://gitlab.com/kicad/code/kicad.git`. Mawu akuti `--depth 1` amauza git kuti itenge mmene code ilili lero basi, ndipo `--branch 8.0` amakupewetsani nthambi ya master, kumene akatswiri amayeserako zatsopano. Fayilo imene mwaisunga ndi KiCad ya master anzanu sangaitsegule, ndiye mungakhale mutabwerera ku vuto lomwe lija, kungoti tsopano wovutitsa ndinu.

KiCad siima payokha. Mawindo ndi mabatani ake amachokera ku wxWidgets, zithunzi za 3D ndi mafayilo a STEP zimadalira OpenCASCADE, kuyesa dera la magetsi pa kompyuta ndi ntchito ya ngspice, kenako pali Boost, Cairo, GLM, SWIG, wxPython ndi zina. Kusaka chimodzichimodzi n'kotopetsa. Njira imene inandithandiza ndi kuuza apt, pulogalamu yoikira zinthu mu Ubuntu, kuti ibweretse zonse zimene anamangira KiCad ya mu Ubuntu: `sudo apt build-dep kicad`. Poyamba inakana, kuti ilibe ma source. Mu 24.04 muyenera kutsegula `/etc/apt/sources.list.d/ubuntu.sources`, pamene alemba `Types: deb` muonjezerepo `deb-src`, kenako `sudo apt update`. Itatero inayamba kukoka, ndipo apa ndi pamene bandulo inapita kwambiri, osati pa code. Ndinaonjezera `ninja-build`, imene imayendetsa ntchito yomanga, pamwamba pake.

Kenako mkati mwa foda ya kicad ndinapanga foda ina ya `build`, kulowamo, n'kulemba `cmake -G Ninja -DCMAKE_BUILD_TYPE=Release -DKICAD_BUILD_QA_TESTS=OFF ..` osaiwala timadontho tiwiri ta kumapetoto. CMake simanga kanthu. Ili ngati kapitawo amene amazungulira pamalo ntchito isanayambe, kuwerenga njerwa ndi simenti. Inaima n'kunena kuti libgit2 palibe. Zinali zomveka: zimene apt inabweretsa zinali za KiCad 7, pomwe 8 inabwera ndi zofuna zake zatsopano. Ndinaika `libgit2-dev`, ikaimanso pa libsecret, ndinaika `libsecret-1-dev`, n'kudutsa. Uthenga wa CMake ukhoza kudzaza sikirini yonse, koma dzina la chimene chikusowa limakhala pa mizere yoyambirira ya cholakwacho. Lifunefuneni ndi `apt search` n'kusankha lothera ndi `-dev`. Za QA_TESTS ndinazizimitsa chifukwa ndi mayeso a olemba pulogalamu, ndipo pa makina ofooka amangotalikitsa ntchito.

Tsopano gawo limene linandidyera masiku awiri. Ndinalemba `ninja` n'kukhala pansi. Laputopu yanga ndi ya kaunjika, i5 yakale, RAM 8GB. Ninja ikapanda kuuzidwa imawerenga mphamvu za processor n'kuonjezerapo ziwiri, ndiye kwa ine inayambitsa ntchito zisanu ndi imodzi nthawi imodzi. Poyamba manambala a m'munsi ankathamanga mosangalatsa. Itafika pa pcbnew, gawo lojambulira bolodi, mouse inauma, fani ikulira ngati chigayo, kenako pa sikirini panatuluka `Killed signal terminated program cc1plus`.

Ndinataya madzulo onse ndikuganiza kuti code ndiyo yolakwika, mpaka ndinafuna kukokanso ina. Ayi ndithu. Uthengawu sunena za code. Ukutanthauza kuti RAM inatha, ndipo Linux, pofuna kudzipulumutsa, inapha pulogalamu imene inkadya kwambiri, yomwe inali compiler, yosandutsa code kukhala pulogalamu. Mafayilo a C++ a KiCad ndi olemera, ena amafuna kupitirira 1GB aliyense pomangidwa, ndipo pali imodzi, `pcbnew_wrap.cxx`, imene SWIG imalemba yokha kuti Python izilankhulana ndi pcbnew, yomwe imameza memore kuposa anzake onse. Mukaika zoterozo zisanu ndi chimodzi mu 8GB, Firefox ilinso yotsegula pambali, zili ngati minibasi ya ku Limbe nthawi yoweruka: wina atsikamo basi.

Mankhwala ake anali awiri. Ndinapanga swap yoonjezera ya 8GB, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza, ndi `fallocate`, `chmod 600`, `mkswap` ndi `swapon`, motsatana choncho. Kenako ndinalemba `ninja -j2`, kutanthauza ntchito ziwiri zokha nthawi imodzi, Firefox itatsekedwa. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti ninja sinayambirenso pa chiyambi. Fayilo iliyonse imene yamangidwa imatsala pa disiki, ndipo mukaiyambitsanso imangoona zimene zatsala n'kupitiriza. Musafufute foda ya `build` chifukwa cha mkwiyo, monga ndinatsala pang'ono kuchitira ine.

Unali mwezi wa Okutobala, Blantyre akuwotcha, malata a shopu akuchita kuthetheka. Laputopu ndinaikweza pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kuilozetsa kafani kamene ndinachotsa mu inveta yakufa. Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima. Batire ya laputopuyi siifika ola limodzi, makamaka ikamagwira ntchito yolemera chonchi. Pa tebulo panali inveta ya kasitomala imene ndinali nditangoisintha ma MOSFET, yoyembekeza kuyesedwa. Ndinailumikiza ku batire ya 12V, kulowetsa chaja, ntchito n'kumapitirira. Mwini wake atabwera mawa lake ndinamuuza ndi mtima woyera kuti inveta yake yayesedwa maola anayi osapuma.

Madzulo ndinanyamula laputopu kupita nayo kunyumba, nditaimitsa ninja ndi Ctrl+C, n'kukayambitsanso nditafika. Mayi a kunyumba ataona zilembo zikungoyenda pa sikirini yakuda anafunsa, "Kodi bambo, imeneyi ikugwira ntchito kapena yadwala?" Ndinati ikuphika. Anati nyemba zimapsa msanga. Ndinagona ndikuisiya ikulira pa mpando, ndipo podzuka ndinapeza yatha popanda cholakwa.

Zotsala ndinkaganiza kuti n'zachabe: `sudo ninja install`, imene imaika zonse mu `/usr/local`. Nditalemba `kicad` inadandaula kuti sikupeza `libkicommon`. Fayiloyo inalipo, kungoti dongosolo linali lisanadziwe kuti kwabwera alendo. `sudo ldconfig` inathetsa nkhaniyo nthawi yomweyo. KiCad 7 yakale ndinaisiya pomwepo, ndipo sizilimbana, popeza iliyonse imasunga makonzedwe ake mu foda yakeyake mkati mwa `~/.config/kicad`.

Fayilo ya msuweni inatseguka bwinobwino, chifukwa kuyambira pa KiCad 6 schematic, chojambula cha dera la magetsi, imanyamula zizindikiro zake mkati, ndipo bolodi imanyamula ma footprint ake, malo okhazikapo zipangizo. Koma nditafuna kuonjezera fyuzi imodzi, mndandanda wa zipangizo unali mbee. Code ya pulogalamu ilibe ngakhale resistor imodzi. Zimenezo zili padera pa GitLab pomwepo, mu `kicad-symbols` ndi `kicad-footprints`, ndipo muyenera kutenga za mtundu wa 8.0, kuzidutsitsa mu cmake n'kuziika monga munachitira ndi pulogalamu. Popeza ndinali nditatsegula KiCad zisanafike, inali italemba kale mindandanda yopanda kanthu. Ndinafufuta `sym-lib-table` ndi `fp-lib-table` mu `~/.config/kicad/8.0`, ndipo poitsegulanso inandifunsa mwatsopano n'kutenga yodzaza. Palinso `kicad-packages3D`, ya zithunzi za zipangizo, koma imeneyo ndi ya ma gigabyte angapo, ndipo ine capacitor ndimaidziwa kale maonekedwe ake. Ndinaisiya.

Bolodi ya msuweni inali yokongola, mizere yoongoka ngati ya mphunzitsi. DRC, gawo la KiCad lofufuza zolakwa pa bolodi, sinapeze cholakwa chilichonse. Koma njira ya mkuwa yochoka pa terminal ya sola kupita ku MOSFET anaisiya yopyapyala ngati ya siginolo, pa bolodi yoti izinyamula 20A, ndipo DRC siidziwa kuti mu njira mudutsa magetsi ochuluka bwanji pokhapokha mutaiuza nokha m'malamulo. Ndinatsegula Calculator Tools, gawo la Track Width, kuikamo ma amp ake, n'kujambula sikirini. Ndinamutumizira pamodzi ndi chithunzi cha charge controller ina ya m'bokosi langa la zakufa, imene inapsa pamalo omwewo mpaka kuboola bolodi. Anayankha usiku womwewo kuti athirapo mkuwa wotambalala mbali zonse ziwiri, ndipo anditumiziranso Loweruka.