Sabata imodzi kuchipinda cha odwala khansa ku Mzuzu

Lolemba timayamba ndi zotsatira za kulabu. Kanyama kamene kanadulidwa pa chotupa kamatenga masabata angapo kuti kayezedwe, ndiye pofika tsikuli wodwala wa ku Chitipa kapena ku Karonga amakhala atagona masiku ambiri osadziwa chimene chikumudya. Ambiri ndi amayi a khansa ya khomo la chiberekero, kenako a khansa ya kummero ndi Kaposi sarcoma, khansa yooneka kwambiri pakhungu.

Nthawi zambiri woyamba kulowa si wodwalayo koma gadiyani. Amatseka chitseko n'kunong'ona: "Anesi, chonde musawauze amayi. Adzafa ndi maganizo." Sitikangana naye, chifukwa akunena mwachikondi. Timamufunsa chimene akuopa, kenako timamuuza kuti sitikakamiza amayi kumva, komanso akafunsa sitiwanamiza. Zoona zake n'zakuti ambiri amakhala atazindikira kale. Munthu amene akuonda, akutaya magazi, akuona abale akusiya kulankhula iye akamalowa, sasowa womuuza kuti zinthu zavuta. Kumubisira kumangomusiya yekha ndi mantha, ndipo banja limagulitsa ng'ombe kulipira asing'anga poganiza kuti walodzedwa.

Kauzidwe kake kali ndi dongosolo. Pakhale pachinsinsi, onse atakhala pansi, m'chilankhulo cha wodwalayo. Ngati ndi Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde, womasulira akhale wachipatala, chifukwa wachibale amafewetsa mawu mpaka uthenga kusowa. Funso loyamba: "Amayi, inu mukuona kuti mukudwala chiyani?" Lachiwiri: "Kodi mukufuna ndikufotokozereni zonse, kapena ndiuze amene mwamusankha?" Akavomera, timachenjeza kuti zotsatira sizinabwere bwino, n'kutchula dzina lenileni, khansa. Kungoti "chotupa" kumachititsa munthu kuyembekezera kuti jekeseni ithetsa zonse. Tikatero timakhala chete. Apa ndi pamene ambiri ogwira ntchito amalakwitsa: amathamangira kufotokoza za mankhwala pomwe wodwalayo sakumvanso kanthu.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndi za ululu. Munthu amene sakugona chifukwa cha kupweteka simungamuyeze bwino za maganizo. Morphine wamadzi timayamba ndi 2.5 mg kapena 5 mg maola 4 aliwonse, pogona kuwirikiza kawiri, pamodzi ndi bisacodyl, mankhwala ofewetsa m'mimba, chifukwa morphine amamanga m'mimba.

Lachinayi timaona amene anauzidwa masabata awiri apitawo. Kulira ndi kusowa tulo masiku oyamba si matenda. Timagwiritsa ntchito PHQ-9, chipepala cha mafunso 9 oyezera matenda a kukhumudwa, okhala ndi mapointi 0 mpaka 27 onse pamodzi, ndipo kuyambira 10 timachitapo kanthu. Koma chipepalachi chimanyenga: kutopa ndi kusafuna chakudya, zimene chimafunsa, zimabweranso ndi khansa yomwe kapena kemo, mankhwala olimbana ndi khansa. Choncho timatsamira pa zina: kodi akusangalalabe adzukulu akabwera? Akudziona ngati mtolo kwa ana ake? Funso la 9, loganiza zodzipha, timalifunsa molunjika, ndipo kulifunsa sikumuika munthu maganizowo. Woyankha kuti inde sabwerera yekha kunyumba, ndipo timalumikizana ndi a zamaganizo, monga a St John of God konkuno ku Mzuzu. Mankhwala a kukhumudwa a fluoxetine, 20 mg m'mawa, amayamba kuthandiza pakatha masabata 2 mpaka 4. Amitriptyline, mankhwala enanso a kukhumudwa, amathandizanso ululu wa m'mitsempha, koma woganiza zodzipha sapatsidwa mapilitsi ambiri nthawi imodzi.

Amene anauzidwa bwino amafunsa zinthu zogwirika: ndani asamale ana, munda ukhala wa yani, abusa kapena ashehe abwera liti. Amamwanso mankhwala mokhulupirika chifukwa akudziwa cholinga chake. Ovuta kwambiri ndi amene anadziwira pa kalata yowatumiza ku Lilongwe, atawerengeredwa ndi mnzawo pabenchi. Amenewo sakhulupiriranso aliyense wovala yunifomu.

Lachisanu timalemba m'buku la kuchipatala la aliyense: wauzidwa chiyani, panali ndani, ndipo iye wanena kuti wamva chiyani. Popanda mizere imeneyi, namwino wa ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay amayamba kuyankhula mozungulira, wodwalayo n'kuganiza kuti pali chinanso chimene akumubisira.