Masamurai anathetsedwa ndi anzawo omwe

Kuno ku Lusaka ukangotchula samurai, ankhondo akale a ku Japan, anthu amaona munthu wa lupanga akuthamangira mfuti mpaka kugwa, ndiye amati anthu aja anatha chifukwa anakana mfuti. Ine zimenezo sindivomera olo pang'ono. Mfuti zinafika ku Japan mu 1543 ndi Apwitikizi, ndipo pa nkhondo ya Boshin ya 1868 mpaka 1869, ya pakati pa asilikali a mfumu yaikulu ndi a shogun (mtsogoleri wa asilikali amene anali kulamulira dziko), mbali zonse ziwiri zinali ndi mfuti, mizinga, ngakhale masitima ankhondo. Asilikali a shogun anali kuphunzitsidwa ndi maofesala a ku France, mmodzi wa iwo Jules Brunet mpaka anakana kubwerera kwao, anatsala kumenya nao.

Banja la Tokugawa, kumene kunali kuchokera mashogun, linagwira dziko kuyambira 1603, mfumu yaikulu ili phee ku Kyoto, ulemu ipatsidwa koma mphamvu ilibe. Mu 1853 Perry wa ku America anabwera ndi masitima ake kuti tsegulani madoko, shogun anagonja, manje anthu a m'zigawo za Satsuma ndi Choshu anapezerapo mpata, ati boma ili latigulitsa kwa azungu. Shogun womaliza, Tokugawa Yoshinobu, anatula udindo kumapeto kwa 1867 koma sizinathere pomwepo.

Januwale 1868 anakumana ku Toba-Fushimi pafupi ndi Kyoto. A shogun anali pafupifupi 15,000, a Satsuma ndi Choshu 5,000 chabe, koma ochepawo ndi amene anawina, ndipo chimene chinathyola msana si zipolopolo zokha ayi, anatulutsa mbendera ya mfumu, basi aliyense wowombera mbali ija wasanduka chigawenga. Yoshinobu anachoka ku Osaka usiku pa sitima kupita ku Edo (Tokyo wa lero), asilikali ake kudzuka m'mawa abwana palibe. Ine apa sindimuweruza kwambiri, chifukwa mzinda wa Edo unaperekedwa osaotchedwa, Katsu Kaishu wa mbali ya shogun ndi Saigo Takamori wa mbali ya mfumu atakhala pansi kukambirana. Amene analira zenizeni ndi a ku Aizu, chigawo cha mbali ya shogun, kumene anyamata 19 a gulu la Byakkotai, azaka 16 ndi 17, anadzipha pa phiri la Iimori. Otsala anathawira ku Hakodate ndi Enomoto Takeaki, mkulu wa masitima ankhondo a shogun, anapanga kaboma kao ka Ezo, mu 1869 nako kanagwa.

Manje apa ndi pamene nkhani imandikomera maningi. Amene anawina analinso masamurai, ndipo atangokhala pa mipando anayamba kuphwasula gulu lao lomwe. 1871 anathetsa maufumu a m'zigawo. 1873 analamula kuti mwana wa mlimi nayenso azilowa usilikali, ntchito imene inali ya masamurai okha. 1876 analetsa kuyenda ndi lupanga, malipiro aja amene banja linali kulandira mibadwomibadwo anawasintha kukhala mapepala a ngongole ya boma. Zili monga makada a chipani, mwavina, mwaimba, mwamenyedwa pa kampeni, chipani chikalowa m'boma akuuzani kuti chokani pa siteshoni ndi mu maketi, tifuna dongosolo. Ndipo vuto ndi lakuti bomalo silinalakwe, dziko silikanatha kudyetsa anthu ambirimbiri ongodikira mpunga chifukwa agogo awo anamenya nkhondo kale, koma kuwawa kunalipo.

Saigo, amene anatsogolera asilikali a mfumu pa Boshin, anali atachoka kale m'boma mu 1873 atakangana ndi anzake pa nkhani ya Korea. Mu 1877 anapezeka akutsogolera masamurai a ku Satsuma kumenyana ndi boma limene iye mwini anathandiza kumanga. Anazinga linga la Kumamoto, linawakanika, ana a alimi aja amene anali kuwaseka anagwira mwamphamvu. Malupanga anawadalira kwambiri kumapeto zipolopolo zitatha. Pa 24 Seputembala 1877 anathera pa phiri la Shiroyama ku Kagoshima kwao.

Ogonja ena zinawayendera bwino kuposa iye. Enomoto anakhala m'ndende pang'ono kenako anadzakhala nduna, Yoshinobu anakhala moyo mpaka 1913, kujambula zithunzi ndi kupalasa njinga. Amene anali kuyendetsa boma pothana ndi Saigo anali Okubo Toshimichi, mnzake wa paubwana wa ku Kagoshima komweko, ndipo nayenso mu Meyi 1878 masamurai okwiya anamudikirira pa msewu ku Tokyo n'kumupha ndi malupanga.