Tsamba limene ndinalifufuta m'kope langa

Pamene ndinkayamba kosi ya kadyedwe ndi matenda osapatsirana, m'kope mwanga munali tsamba lomwe pamwamba pake ndinalemba kuti "zakudya zopha khansa". Ndinkaganiza kuti phunziroli n'kuloweza basi: chakuti chili ndi vitamini wakuti, chakuti chimatsuka magazi. Lero tsamba limenelo ladzaza mizere yofufuta, ndipo chinandigwiritsa cholembera n'kuyamba kufufuta ndi kafukufuku wina wa ku Finland.

M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anali ataona kuti anthu odya masamba ndi zipatso kwambiri, amene m'magazi mwawo munali beta-carotene wambiri, sankadwala khansa ya m'mapapo ngati anzawo. Beta-carotene ndi amene amapatsa karoti mtundu wake, ndipo thupi limamusandutsa vitamini A. Ndiye anati bwanji timuike m'pilisi, tipatse osuta fodya? Amuna osuta oposa 29,000, a zaka 50 mpaka 69, analowa m'kafukufukuyo. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inapezeka yochuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapilisiwo kusiyana ndi amene sankamwa. Ku America kafukufuku wonga yemweyo, wotchedwa CARET, anamuimitsa mu 1996 nthawi yake isanakwane, ataona kuti nawo zikuwayendera chimodzimodzi.

Tsiku limene tinawerenga zimenezi mtima unandigunda. Amalume anga amasuta, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditawagulira botolo la mavitamini, n'kuwauza kuti liwateteza. Madzulo omwewo ndinawaimbira kuti andiwerengere zolembedwa pa botolopo, ndipo titamva kuti beta-carotene alimo ndinawapempha kuti asiye kaye mpaka akafunse dokotala. Ndinapepesa. Ndinawapatsa ndi mtima wabwino, koma ndinali ndisanaphunzire.

Chimene ndinamvetsa n'chakuti karoti si pilisi lokutidwa ndi khungu. Munthu wodya masamba amadya zinthu zambirimbiri nthawi imodzi, pang'onopang'ono, kwa zaka, ndipo malo amene masambawo atenga m'mbale ndi malo amene chakudya china choipa chataya. Chimodzi mwa zinthu zimenezi, chomwe poyamba ndinkachiona ngati chopanda pake, ndi fayiba, timaulusi ta m'zakudya zochokera ku zomera. Dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ndiye anatchukitsa ganizo lakuti kusowa kwa fayiba kumagwirizana ndi khansa ya m'matumbo. Thupi lathu silimugaya fayibayu. Amafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya a m'menemo amamudya n'kutulutsa butyrate, chakudya cha maselo a m'matumbomo. Komanso chimbudzi sichikhalitsa m'mimba. Ndipo fayiba wosungunuka, wa m'nyemba ndi mu oats, amakola ndulu n'kutuluka nayo, choncho chiwindi chimatapa m'magazi kolesterolo, mafuta amene akachuluka amatseka mitsempha ya mtima, kuti chipange ndulu ina. Apa m'pamene ndinaona kuti mtima ndi matumbo zimapindula ndi mbale imodzi yomweyo. Mutu umenewu ndinauwerenga katatu, osati poti unali wovuta, koma poti unandikoma.

Nambala ya 18 inabweranso, ulendo uno kudzandiphunzitsa kuwerenga. Mu October 2015 bungwe la IARC la ku Lyon, lomwe ndi nthambi yoona za khansa ya WHO (bungwe la zaumoyo la dziko lonse), linaika nyama yokonzedwa ngati soseji, bekoni ndi hamu m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Linati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza ngozi ya khansa ya m'matumbo aakulu ndi 18 peresenti. Ine ndinamva ngati anthu 18 mwa 100 alionse adzadwala. Aphunzitsi anatiuza kuti titenge cholembera: tiyerekeze kuti mwa anthu 100, amene akanadwala ndi 6. Kukwera ndi 18 peresenti kukutanthauza kuti afika pafupifupi 7. Fodya alinso m'gulu loyamba lomwelo, koma gululi limanena za kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi. Munthu mmodzi woonjezera pa 100 si wochepa ukaganiza za dziko lonse, komabe sindikufuna kudzaopseza odwala anga ndi nambala yomwe ine ndemwe sindinaimvetse.

Za mtima, WHO imati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo masamba ndi zipatso zisachepere magalamu 400. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, BP imakwera, mitsempha imalema. Ndinadabwa kuti Finland yomwe ija ili ndi phunziro lina. Mu 1972 ku North Karelia, kumene amuna ankafa ndi mtima ali m'zaka zogwira ntchito, dokotala Pekka Puska ndi anzake anayamba ntchito yosintha kadyedwe ka dera lonse. Sanagawe mapilisi ozizwitsa. Anthu anachepetsa batala n'kuyamba mafuta ochokera ku zomera, anachepetsa mchere, ambiri anasiya fodya, ndipo patapita zaka pafupifupi 40 imfa za matenda a mtima mwa amuna a msinkhu umenewo zinatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa.

Sabata ino atipatsa ntchito yolemba chilichonse chimene tadya kwa masiku atatu, kenako tiwerengetse fayiba ndi mchere. Ndamaliza tsiku loyamba. Fayiba sanafike n'komwe magalamu 25 amene timalangizidwa, ndipo mchere wambiri sunachokere m'dzanja langa pophika, unabisala mu buledi ndi m'zakudya za m'mapaketi. Amalume nawo avomera kulemba zawo, ndipo Lamlungu tikhala pansi n'kuyerekeza mapepala athu.