Sikana ikakana kuwerenga galimoto

Anzanga amakaniko a ku Luwinga, sikana (makina ofufuzira vuto la galimoto) ikangokhala duu musathamangire kunena kuti kompyuta ya galimoto yapsa. Ine ndimayambira pa soketi ya OBD, pomwe timalumikiza sikana, pansi pa chiwongolero. Pini 16 izikhala ndi moto wa 12V. Motowo ukasowa, kawirikawiri ndi fyuzi.

Kenako ndimamasula batire n'kuyeza pakati pa pini 6 ndi 14, mawaya a CAN, omwe makompyuta a m'galimoto amalumikizirana. Mita yoyezera magetsi iziwerenga ma ohm 60. Ikati 120, mwina waya waduka penapake. Ikayandikira ziro, mawayawo agundana. Mvula ya kuno ku Mzuzu imachititsa dzimbiri mapulagi, ndiye tukulani kapeti muone ngati pansi panyowa.

Timasikana totchipa ta ELM327 nato timanama, ine sinditikhulupirira kwenikweni. Komanso ma Toyota ena akale ochokera ku Japan alibe CAN pa soketiyo, amadutsira pa pini 7.