Nyemba za mang'ina mu slow cooker: mmene ndimachitira kuno ku Chipata

Tsiku limene ndikudziwa kuti ndiweruka mochedwa, ndiwo za madzulo kwathu ku Kapata zimakhala nyemba za mang'ina. Zimapsa mu slow cooker, poto wa magetsi wophika pang'onopang'ono, ine ndili ku ntchito, ana ali ku sukulu. Ambiri akagula poto ameneyu amaganiza kuti n'kungoponyamo zonse, kuvundikira, n'kumapita. Ndi nyama ya mbuzi mwina zingatheke, koma nyemba zimafuna kuti uyambe wazigwirira kantchito pa moto weniweni, ndipo kantchitoko n'kamene kamateteza mimba ya apabanja.

Chondiseketsa n'chakuti poto ameneyu anapangidwira nyemba kuchokera pachiyambi. Anamutulukira ndi Irving Naxon wa ku Chicago, amene analandira chikalata cha umwini wa luso lakelo mu 1940. Amayi ake ankamusimbira za cholent, chakudya cha Ayuda cha nyemba ndi nyama chimene kwawo ku Lithuania ankachisiya mu uvuni usiku wonse chifukwa pa Sabata sakoleza moto. Kampani ya Rival itagula bizinesi yake mu 1970, chaka chotsatira inatulutsa potoyu ndi dzina lakuti Crock-Pot. Ndiye tikamaphikamo nyemba za Lundazi sitikumulakwira ayi.

Ndimayambira pa msika wa Saturday Market. Nyemba zofiira za Lundazi ndimazikonda chifukwa msuzi wake umakhuthala, ngakhale kabulangeti nayo imachita bwino. Chachikulu n'chakuti zikhale za chaka chino. Nyemba zogonera chaka zimalimba, ungaziphike tsiku lathunthu pakati pamakhalabe kanjere. Ndimatapa pang'ono m'manja n'kuyang'ana: ngati khungu likunyezimira ndipo palibe timabowo ta anankafumbwe, ndagula. Kenako ku butchala, kumene mang'ina a ng'ombe anthu amangowatchula kuti vimbombo. Mwendo umodzi umakwana banja lathu la anthu asanu ndi mmodzi. Ndimapempha kuti audule pa makina tizidutswa ting'onoting'ono, chifukwa kunyumba ndi nkhwangwa mafupa amaphwanyika n'kusiya tizibenthu timene mwana angameze.

Madzulo a dzulo lake ndimathira makapu atatu a nyemba m'lichero, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, kutsuka, n'kuziviika m'madzi ochuluka kuti zigone momwemo. Mang'ina ndimawawaula pa mbaula kuti ubweya wotsala upserere, kuwapala ndi mpeni mpaka khungu liyere, kuwatsuka kawiri, n'kuwaika mu firiji. Anyezi, adyo ndi matimati ndimaduliratu. Zonsezi zimatha ana asanamalize homuweki.

M'mawa ndi pamene pali nkhani. Nyemba zosaphika, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin. Amafa pokhapokha nyembazo zikabwata kwambiri pa 100°C kwa mphindi zosachepera 10. Slow cooker akakhala pa Low nthawi zambiri safika pamenepo, amangotentha mwakachetechete, ndiye nyemba zimatha kufewa poizoni akadalimo. Munthu akadya zotere, pakangopita maola ochepa amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, anthu n'kumati kaya ndi madzi a pa mpopi. Amayi athu ophika pa mafuwa sankakumana nazo izi chifukwa mphika wawo unkabwata tsiku lonse. N'chifukwa chake ine ndikangodzuka ndimataya madzi oviikira aja, kuika nyemba m'poto wamba ndi madzi atsopano, n'kuziteleka pa moto waukulu. Ndimayamba kuwerenga mphindi pamene madzi ayamba kugaduka kwenikweni, osati pamene ndateleka, ndipo ndimazisiya mphindi 15 kuti mtima ukhale pansi.

Pa mbali ina mang'ina nawo amakhala akuwira m'poto wawo. Thovu lakuda likayandama ndimataya madzi onsewo n'kutsukanso nyama. Ena amati ukutaya kukoma. Kwa ine chimene chikutayika ndi kafungo ka khola, kukoma kwa mang'ina kuli m'khungu ndi m'misempha ndipo kumatuluka patapita maola.

Tsopano kulongedza. Wanga ndi wa malita 6. Pansi ndimaika mang'ina chifukwa kutentha kumachokera pansi ndi m'mbali, pamwamba nyemba, kenako anyezi ndi adyo amene ndakazinga pang'ono m'saladi (mafuta ophikira) mpaka afiirire. Saladi ndi supuni ziwiri basi, mang'ina ali ndi mafuta awo. Ndimathira madzi owira a m'ketulo, osati ozizira, kuti angopitirira nyemba ndi zala ziwiri. Apa m'pamene ambiri ozolowera mbaula amapitirira muyeso. Pa malasha timathirira madzi kangapo chifukwa amauluka, koma mu slow cooker nthunzi imagunda chivundikiro n'kubwerera momwemo. Ukadzaza madzi madzulo upeza nyemba zikusambira. Potoyo asadzaze kupitirira magawo awiri mwa atatu.

Mchere ndimathira m'mawa momwemo. Apongozi anga atandiona koyamba anagwira pakamwa: "Amake mwana, mchere m'nyemba zosapsa? Zilimbatu zimenezo." Ndinangoti, "Amama, dikirani madzulo mudzalawe." Mchere sulimbitsa nyemba, umangolowa bwino mpaka mkati. Chimene chimalimbitsa ndi matimati, chifukwa cha kuwawasa kwake. Nyemba zikakumana ndi matimati zisanafewe, khungu lake limakana kupsa. Choncho matimati amadikira m'firiji mpaka madzulo. Soda sindithira. Amafewetsa msanga inde, koma amawononga mavitamini ena ndipo nyemba za maola ambiri chonchi zimasanduka phala.

Ndimavundikira, kutembenuzira pa Low, n'kuchoka cha m'ma 7 koloko. Mang'ina amafuna maola 8 mpaka 10 pa Low. Pa High angapse m'maola 5 kapena 6, koma nyemba zimaphulika nyama isanasiye fupa. Lamulo limene ndinaika pakhomo n'lakuti aliyense wobwera masana asavundukule. Fungo limakopa, ndikudziwa, koma ukangotsegula kutentha kumathawa ndipo poto amatenga nthawi kuti abwerere pamene anali.

Za malaiti sitingazilumphe. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, panali masiku amene magetsi ankabwera maola ochepa okha, mwina pakati pa usiku. Poto ameneyu sadya mayunitsi ambiri, amakoka ma watt cha m'ma 200, kutanthauza kuti maola 8 satha ndi mayunitsi awiri omwe, pamene pleti imodzi ya sitovu imakoka ma watt 1,000 kapena kuposa. Amene ali ndi inverter ndi batire yabwino amatha kumuyendetsa. Koma malaiti akapita poto ali pakati pa ntchito, chakudya chimayamba kuzizira pang'onopang'ono, ndipo chikatsika pansi pa 60°C tizilombo timayamba kuswana. Ngati kunyumba kuli munthu, ndimamuuza kuti akhuthulire zonse m'poto wachitsulo n'kupitiriza pa mbaula. Mbale yadothi ya mkati mwa slow cooker isakhale pa malasha, imang'aluka nthawi yomweyo. Ngati kunalibe munthu, ndafika n'kupeza ndiwo zili zofunda chabe ndipo sindikudziwa kuti malaiti anapita nthawi yanji, nyama yotere sindipatsa ana.

Masiku amene ndikudziwiratu kuti magetsi kulibe, slow cooker sindimuvutitsa n'komwe. Ndimabwatitsa nyemba ndi mang'ina limodzi pa mbaula kwa ola lathunthu m'poto wokhuthala wa chivundikiro chogwira bwino. Ndikatero ndimamuphula akadali kubwata, kumukulunga ndi chitenje, kumuika m'dengu limene ndayalamo bulangeti lakale, n'kutsendera pilo pamwamba. Kutentha kumakhala momwemo n'kumapitiriza kuphika. Ku South Africa nzeru yomweyi anaisokera thumba lotchedwa Wonderbag, limene Sarah Collins anayambitsa mu 2008 magetsi akuvutanso kumeneko, koma dengu ndi bulangeti zimagwira ntchito yomweyo. Pakatha maola anayi kapena asanu nyemba zimakhala zafewa. Mang'ina amafuna kuwabwezera pa moto kwa kanthawi, ndipo mulimonsemo ndimabwatitsanso zonse tisanadye.

Ndikafika madzulo, choyamba ndi kutapa nyemba imodzi n'kuifinya ndi zala. Ikaphwanyika ngati mbatata yophika, zatheka. Fupa la mang'ina limasolokoka lokha ukalikoka ndi supuni. Pamenepo ndimakazinga matimati anayi payekha m'kapoto mpaka madzi ake aphwe, ndi kakhale (curry) pang'ono, n'kuwathira mu slow cooker. Ndimatapa chipande chimodzi cha nyemba, kuzipota ndi mthiko, kuzibwezeramo, n'kuika pa High kwa theka la ola chivundikiro chili chotsegula pang'ono. Msuzi umakhuthala n'kuyamba kumata milomo chifukwa cha misempha imene yasungunuka. Tsabola aliyense amaika m'mbale mwake, wamng'ono wathu sagwirizana naye.

Theka la ola limenelo ndi la nsima ndi masamba. Nsima mu slow cooker musayese, imafuna moto waukali ndi dzanja. Masamba ndimakonda chiwawa chotendera, chifukwa kuno kwathu kum'mawa nsinjiro sizisowa, ndipo za mtedza wa chalimbana zimanona kuposa zina. Koma pa tsiku la mang'ina nthawi zambiri ndimangofwafwaza repu ndi anyezi, poti mafuta achuluka kale m'mbale.

Zotsala sizigona mu slow cooker. Mbale yadothi ija imasunga kutentha nthawi yaitali, ndiye chakudya chimakhala chofunda usiku wonse n'kusasa. Ndimazikhuthulira m'timabakuli tosazama, zikazizira n'kuziika mu firiji pasanathe maola awiri. M'mawa zimakhala zagwirana gwa, ndimazitenthetsa pa moto mpaka zibwate, osati mu slow cooker, ndipo ana amadyera kandolo asanapite ku sukulu. Mbale yadothiyo ndimadikira izizire ndisanaithire madzi, chifukwa madzi ozizira pa dothi lotentha amaling'amba.

Amene mukufuna kugula, yang'anani kaye kapepala ka pansi pa poto. Magetsi athu ndi a 230 V. Amene achibale amatumiza kuchokera ku America ndi a 120 V, ndipo ukangomulumikiza popanda transformer yotsitsa mphamvu ya magetsi amapsa. Ochokera ku South Africa ndi ku UK amagwira bwinobwino, kungoti a ku South Africa pulagi yake ndi ya mano atatu aakulu ozungulira, imafuna adaputala.